Phula la pa Dooko la Mphanda

Mwambi uwu unayamba motere, ana inu, ndipo musathamangire kuseka, chifukwa chitsiru cha m'nkhaniyi ndi ine ndakhala panoyu.

Ndili mnyamata ndinakonda mtsikana wa kutsidya kwa nyanja, pa dooko la Mphanda, dzina lake Edesi. Tsiku lokaonekera kwa makolo ake litakwana, ndinavala malaya oyera, n'kuika thumba la shuga wa apongozi m'bwato. Nditati ndikankhe bwatolo, a Chimpeni, msodzi wodziwa madooko onse, anandiimitsa.

"Lufeyo, dooko la Mphandalo unafikako? Takhala pansi ndikuuze za miyala yake ndi mwambo wa eni ake."

"Madzi ndi amodzi, achimwene. Ine ndinabadwira m'bwato."

Bodza lamkunkhuniza. Amayi anandibalira m'munda wa chinangwa.

Zimene ndinakana kumvazo ndi izi. Pa Mphanda pali mwala wobisika m'madzi, ndipo mlendo akaugunda, eni dooko amamuchingamira ndi phula la njuchi kuti ayambe wamata bwato lake, malonje pambuyo.

Nditayandikira, ndinaona anthu pamtunda akukupiza manja kuti ndikhotere kumanzere. Ine ndinati akundisangalalira, nanenso n'kukupiza anga, bwato likupita chamtsogolo. Khoo! pamwala. Madzi anayamba kulowa. Ndinaponda pobookapo ndi chidendene mpaka kukocheza, uku ndikumwetulira ngati palibe chachitika.

Bambo ake a Edesi, a Khombe, anabwera okha atanyamula mbale, muli chibulumwa chachikasu chonunkhira uchi.

"Landirani, alendo athu. Muyambe ndi ichi, zolankhula pambuyo."

Ndinagwada, ndinasamba m'manja, n'kuluma. Chinthucho chinakana kutafunika. Chinamatirira m'mano, chinakakamira pakhosi. Koma mkamwini sanyoza chakudya cha apongozi, choncho ndinameza ndithu, misozi ili chuchuchu.

"Zikomo, bambo. Amayi amadziwa kuphika."

A Khombe anasuzumira m'mbalemo.

"Mwadya lonse?" anafunsa a Khombe.

"Lonse, bambo. Kwathu sitisiya mkute kwa eni."

"Nanga bwato lanu mumata ndi chiyani?"

Ndinacheuka. Bwato linali litamira kale, shuga yense akukometsa nyanja, nkhafi yokha ikuyandama. Anthu anaseka, koma chimene chinandilasa mumtima n'chakuti Edesi ndiye anaseka koposa onse, mpaka kugwira m'mimba.

"Mwana wanga sindingamupereke kwa munthu wosafunsa," anatero a Khombe. "Lero mwamiza shuga, mawa mudzamiza iyeyu."

Ukwati unathera pomwepo. Edesi anakwatiwa ndi mphwawo wa a Chimpeni, munthu wofunsa ngakhale njira ya kuchimbudzi. Zimandiwawabe mpaka lero.

Anandibweza kwathu pa bwato la nkhuni. A Chimpeni anandipeza padooko ndikutokosa m'mano ndi kamtengo, malaya oyera aja ali matope okhaokha. Atamva zonse sanaseke n'komwe. Anangopukusa mutu, n'kuuza asodzi anzawo kuti:

"Safunsa anadya phula."