Nkhope ya Mayi Chilala

Lolemba

Ndayamba kulemba muno chifukwa m'boma la Lundazi mulibenso munthu womuuza zakukhosi. Aliyense ndi khutu la mnzake.

Nkhani ndi iyi. Kampani ina ya ku Lusaka yopanga makatuni a pa TV ikufuna ngwazi yatsopano pamodzi ndi mdani wake. Wopambana apita ku Lusaka kukaphunzira ntchito, ndipo anthu amene wawajambulawo aziyenda ndi kulankhula pa TV. Kutumiza ndi pafoni, malire ake Loweruka dzuwa lili paliwombo. Ine zaka zonsezi ndili kujambula mitu yometa pamakoma a mababashopu. Mitu yopanda makosi! Ndatopa nayo.

Ngwazi ndili nayo kale, dzina lake Kamvuluvulu:
- amayenda panjinga yakapalasa youluka, ya kaliyala yolimba
- kumsana amavala saka ya feteleza (yochapa)
- akazungulira m'mwamba, mvula imagwa
- minofu ngati ya anyamata okweza mabelo a fodya

Chimene chimasowa ndi mdani. Lero ndamupeza! Ndili pamakwerero kulemba chikwangwani cha sitolo ya simenti, ndikuona kutsidya kwa msewu, pamsika, mayi wina akukalipira bambo wasikelo wogula mtedza. Mawu sakumveka poti pafupi pali owotcherera zitsulo, koma nkhopeyo! Nsidze zokumana pakati, mphuno yotukumuka, chala m'mwamba. Bambo uja ndi ndevu zake zonse akufota ine ndikuona. Chitenje cha mayiyo ndi cha maloko ndi makiyi. Pensulo pompo, kuseri kwa pepala la simenti. Miyendo yabisika ndi matumba a mtedza, ndiye ndamupatsa mchira wa nsato.

Dzina: Mayi Chilala. Akayang'ana chimanga, chimauma.

Temwa, mkazi wanga, sindimuonetsa. Amaimba kwaya, ndipo chimene kwaya yamva, boma lonse lamva.

Akuti amayi ake abwera kuchokera ku Chikomeni, afikira kwa ang'ono awo kuseri kwa chipatala, ndipo Lachisanu adzagona kwathu. Masabata onse a pachaka, iwo n'kusankha ino? Ndikukayika.

Lachiwiri

Ndadzitsekera m'chipinda kupaka utoto. Temwa akugogoda, ine ndikuti ndikupemphera.

Mayi Chilala akutuluka bwino moti ine mwini ndikuchita mantha. Ndamutembenuzira kukhoma kuti ndimalize mawilo a njinga mwamtendere.

Masana ndapita kwa Mabvuto, mwini makina a fotokope pafupi ndi siteshoni ya maminibasi, kuti ndikhale ndi pepala lina losungira. Mabvuto kwawo ndi ku Chikomeni konko, ndipo pakamwa pake sipatsekeka. Kamvuluvulu wangomuyang'ana ngati lisiti. Atafika pa Mayi Chilala wakhala pansi, wadzukanso, watuluka panja kukaseka, wabwera misozi ili mbwee.

"A bigi, muli na mtima imwe! Alamu aiona iyi?"

Akufunsiranji za mkazi wanga?

Chinanso: makina alira kawiri, pepala andipatsa limodzi. Ndafunsa. Akuti ndi mmene amaliramo akatentha. Bodza lamkunkhuniza!

Oti ndiziwayang'anitsitsa:
- Mabvuto
- makina a Mabvuto
- mphunzitsi wa zojambula wa kusekondale, amene anandipatsa moni dzana popanda chifukwa
- kwaya

Lachitatu

Zinthu zasokonekera. Nkhani yatuluka.

M'mawa wokonza njinga wasiya tayala, wapukuta manja, wandigwira chanza ndi manja awiri. "Yewo chomene, adada. Mwatilankhulilako tonse." Ndawalankhulira chiyani?

Wabutchala wandiwonjezera kachiwindi osapempha. Munthu ameneyu chibadwire sanawonjezerepo ngakhale fupa. Sindidya. Ndapatsa galu wa aneba, ndipo ndikumuyang'anira.

Woyendetsa minibasi ya ku Chipata wandikokera kuseri kwa galimoto n'kunong'ona: "Mukatsiliza mubwele tikambe. Na ine nili naye wanga, ni woopsa kupambana uyu."

Mwamva? Nayenso ali ndi mdani wake! Ndiye kuti boma lonse lalowa mpikisano. Anthu amene sangajambule ngakhale dzira.

Azimayi okha ndiwo asintha mbali ina. Ndikadutsa pamatimati onse zii. Mmodzi waomba m'manja kamodzi n'kuti, "Ana a masiku ano!" Nsanje basi. Fisi akalephera kulowa m'khola amati mbuzi zanunkha.

Madzulo Temwa wandichititsa kusesa chipinda cha alendo ndi kuchotsa zitini zanga za penti. Ndiyambe kukonzekera maondo. Chikwatireni chaka chatha, apongozi ndakumana nawo kangapo, ndipo nthawi zonse monga mwa mwambo: kugwada chapatali, chammbali, maso pansi, mawu kudzera mwa munthu wina. Mkamwini sayang'ana apongozi kumaso. Ine pa mwambo umenewu palibe angandiphunzitse. Apongozi anga ndimawadziwa mapazi okha: nsapato zapulasitiki zobiriwira, ndi kachala kakumapeto kokwera pa kanzake. Mapazi aulemu ndithu.

Galu akadali moyo. Mwina mankhwala ake ndi ochedwa.

Lachinayi

Zonse zatha kupakidwa. Ndathamangira kwa Mabvuto kuti azilowetse m'kompyuta n'kundiikira m'foni, poti makina otero ali ndi iye yekha. Ndikungofika pakhomo, magetsi thii!

Boma lonse lazima, inde. Koma n'chifukwa chiyani azima ine nditafika? Mabvuto akuti ndisiye mapepala, adzachita yekha akayaka. Ndamuseka. Ndine wakumudzi koma si wa dzulo.

Ndabisa mapepala kuseri kwa kalendala. Ndawachotsa. Pansi pa matiresi. Ndawachotsa. Panopa ali m'malaya, ndipo Mayi Chilala akundikanda pamimba.

Temwa wabwera kuchokera kokonzekera kwaya nkhope ili gwaa. Moni palibe. Ndiwo zilibe mchere. Wakhala pakhomo kusenda nyemba ngati akuzilanga. Kenaka osandiyang'ana:

"Amama anakulakwilani chani?"

Ndati palibe, ndimawalemekeza kwambiri, chipinda ndasesa ndi pansi pa bedi pomwe.

"Ndiye mwachita dala."

Walowa m'nyumba. Ndikumumva akufwenthera.

Ndaganiza mozama. Iyi ndi njira yakale ya akazitape: kukusokoneza ndi nkhani ina kuti uiwale kulondera chuma chako. Koma kulira kwa Temwa sindikuzolowera, ndipo kwandipweteka. Ngati amugula, amugula ndi chiyani? Ine ndikapambana ndimati ndimutenge ku Lusaka akaone masitepe oyenda okha.

Lachisanu

M'mawa magetsi ayaka. Ndaima pamsana pa Mabvuto mpaka zithunzi zalowa m'foni. Akuti nditumiziretu pa intaneti yake. Eti! Kuti zidutse m'mawaya ake? Ndati ndigula bandulo yanga, nditumiza mawa ndili ndekha. Ndatuluka ndikudzitama kuti ndamuchenjerera.

Ndikanatumiza. Mayo ine, ndikanangotumiza!

Ndilembe mmene zayendera.

Chakumadzulo apongozi afika. Sali okha. Ali ndi a Zimba, amalume ake a Temwa, amenenso ndi ankhoswe athu. Ankhoswe sabwera kudzacheza.

Ndagwada pakhonde, chammbali, maso pansi. Monile, monile. Mapazi ndi omwe aja, nsapato zobiriwira, kachala pamwamba pa kanzake. Mtima pansi. Kenaka diso langa lakwera pang'ono, pang'ono pokha, kufika pa mpendero wa chitenje.

Loko. Kiyi. Loko. Kiyi.

Ndati mwina zitenje zimafanana. Pamenepo a Zimba ayala pepala pansi, pamene pali maso anga. Fotokope yamafuta a zitumbuwa, yofewa ndi manja a anthu. Mayi Chilala ndi mchira wake.

Ndiye makina analiradi kawiri! Pamenepo pokha ndinalondola.

Milandu, monga aiwerengera a Zimba:
- mchira wa nsato
- kuumitsa chimanga, pamene mayiwa ndi amene amatitumizira ufa
- pepalali lafika kale ku Chikomeni pa minibasi
- waukulu kuposa yonse: kuti munthu ajambule chonchi, ndiye kuti anayang'anitsitsa

"Nsidze izi simungaziphule mongodutsa, akamwini. Munayang'ana mpaka munakhuta."

Ndayankha, kudzera mwa iwo, kuti sindinawadziwe, poti nkhope yawo ndinali ndisanaionepo. A Zimba akuti kusaidziwa nkhope ndi ulemu waukulu, ndipo akundiyamikira. Koma kuiyang'ana ndi chipongwe. Ndiye ndapezeka wolakwa chifukwa cha ulemu. Ndikanakhala mkamwini wamwano ngati anzanga, ndikanawazindikira ndili pamakwerero pomwe.

Matumba a mtedza aja! Akanasuntha pang'ono ndikanaona kachala.

Apongozi ali pomwepo. Mapazi okha ndiwo amagunda pansi.

Chigamulo: nkhuku, kupepesa, ndipo nkhope imeneyi isapite pa TV.

Tsopano ndamvetsa wokonza njinga. Ndamvetsa kachiwindi. Amuna a boma lino akuyesa ndabwezera apongozi m'malo mwa onse. Ndine ngwazi ya akamwini, ine amene maondo anachita zikang'a ndi kugwada.

Loweruka

Tambala asanatsike ndili kale ndi pensulo. Nkhope isapite, chabwino. Ndisintha nkhope, ndijambula ndi foni, nditumiza. Kampani ikufuna onse awiri, ngwazi yokha salandira.

Zoyesa:
- Ndamuika ndevu. Watuluka a Zimba. Ndafufuta msanga.
- Ndamuveka magalasi. Watuluka ang'ono awo a apongozi, a kuseri kwa chipatala aja.
- Ndachotsa makwinya, ndamubweza pa utsikana. Watuluka Temwa.

Banja lonseli mphuno ndi imodzi!

Ndayesa nkhope yongopeka. Yatuluka ngati mbatata. Chimanga sichingaume ndi mbatata. Zoona zake n'zakuti chithunzi chabwino chimene ndajambulapo moyo wanga wonse ndi chomwechi, ndipo mwini wake ali m'chipinda cha alendo kumwa tiyi wanga.

Dzuwa likukwera. Ndakhala kuseri kwa nyumba pa chitini cha penti, foni m'manja. Bandulo ilimo. Zithunzi za dzulo zilimo, Mayi Chilala weniweni. Netiweki, imene masiku onse imathawa, lero yadzaza mpaka pakamwa. Nayonso ili m'chiwembu.

Ndani angadziwe? Lusaka ndi kutali. Koma ndikapambana, TV ili paliponse, ndi ku Chikomeni komwe amaonera ya sola pagolosale. Ana azidzathamangira apongozi akufuula dzina lija.

Temwa wabwera kudzayanika zovala. Waona foni, waona chala changa. Sanakalipe. Bola akanakalipa.

"Tumizani. Ni maloto yanu, niziba. Koma amama akakwela minibasi mawa, na ine nikwela."

Wayanika malaya anga bwinobwino, wakonza ndi kolala, wapita.

Ndakhala. Chithunzithunzi cha mtengo wa papaya chafupika mpaka chalowa pansi pa mtengo wake. Belu la kutchalitchi lalira. Chala sichinatsike.

Basi. Kamvuluvulu wafera m'foni.

Masana ndapita kukagula nkhuku. Wogulitsa wandisankhira yonenepa, n'kundigwira chanza ndi manja awiri. Ndatsala pang'ono kumumenya nayo.

Lamulungu

Kutchalitchi ndakhala kumbuyo. Kwaya yonse ikuimba ikuyang'ana ine. Temwa yekha akuyang'ana m'buku, koma pobwerera wayenda pambali panga, ndipo ndiwo za lero zili ndi mchere.

Nkhuku yaperekedwa, yalandiridwa. A Zimba adya chiwindi ndi nthutumba, akuti mlandu watha.

Ndimati chithunzi chenicheni, chautoto chija, achiotcha. Ayi. Apongozi achiitanitsa, achikulunga m'pulasitiki, achiika m'chikwama pamodzi ndi buku la nyimbo. Temwa akuti akachikhoma pamtengo kumunda wakumalire, kumene anyani ochokera kunkhalango ya Lukusuzi amathera chimanga. Akuti iwo sangakhale kumunda tsiku lonse, koma nkhope yawo ingathe.

Ndinkafuna Zambia yonse indionere. Ndapeza anyani.

Mabvuto watumiza uthenga kuti amuna ena akufuna ndiwajambulire awo. Ndakana. Wababashopu wa pafupi ndi msika akufuna mitu yatsopano pakhoma. Ndavomera. Mitu yopanda makosi ilibe abale.

Taperekeza alendo kusiteshoni. Ndagwada pafumbi pambali pa minibasi, maso pansi, anthu akundilambalala ndi mitolo. Nsapato zobiriwira zafika pakhomo la galimoto, zaima, zatembenuka. Zaloza kwa ine. Ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatireni, apongozi alankhula osadzera mwa munthu:

"Dzanja muli nalo, adada. Mphuno mwaikhoza."

Zakwera. Minibasi yapita.

Chiyambireni kujambula palibe anandiuzapo mawu amenewa. Ndabwerera kunyumba, ndipo mpaka pano akundizungulira m'mutu.

Koma amanena zoona, kapena amandiseka? Ndafunsa Temwa, wangoti ndikanaona ndekha.

Ndikanaona bwanji? Ine ndimayang'ana mapazi.