Matayala a Dazi

Mpaka lero ndikapita kumaliro kapena kuukwati kwa akuchikazi ku Bangula, sipalephera munthu wondifunsa kuti, "Alamu, matayala ali bwanji?" Ena mwa ofunsawo anali asanabadwe n'komwe pamene zinkachitika. Ndiye bola ndifotokoze ndekha, chifukwa alamu anga a Zuze akamaikamba nkhaniyi amaithira mchere wambiri.

Zaka zimenezo ndinali kalaliki kuesiteti ya nzimbe ku Nchalo. Inali nthawi ija munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani, ndipo mwamuna wa tsitsi lalitali ankametedwa asanafunsidwe dzina. Mzungu wina wa kugalaja, pobwerera kwawo, anandigulitsa pikapu yakale yobiriwira. Chitseko cha kumanzere tinkachimanga ndi waya, koma injini inali yamoyo, ndipo matayala onse anayi anali atsopano, mano ake akuya moti nsonga ya chala inkalowa. Poopa akuba, tayala lililonse ndinalilemba mtanda ndi penti yoyera.

A Zuze, achimwene a mkazi wanga Marita, nawonso anali ndi pikapu yonyamulira nsomba zouma kukwera nazo ku Blantyre. Inkanunkha milamba ngakhale itangotsukidwa kumene. Iwowa sankatha kuona galimoto yanga osaponya mawu.

"Alamu, kodi iyi imayenda yokha, kapena mumachita kuipempha?"

Tsiku lina tikukonza za ukwati wa Losita, mng'ono wake wa Marita, akuluakulu anagamula kuti mkwatibwi adzakwere yanga, poti ya a Zuze ikanamufikitsa kutchalitchi amphaka akumulondola. Zinawapweteka alamu anga. Anati, anthu onse akumva, "Ndiye anyamuke Lachinayi kuti akafike Loweruka."

Ine (pakamwa pangapa mpomwe pamandipachika nthawi zonse) ndinati tiyese tione. Tinapangana mpikisano wothamanga Lachisanu masana, ukwati uli mawa lake, pamsewu wa phula kunja kwa Bangula. Kuyambira pamlambe kukathera pakamlatho, mtunda woti woyenda pansi amaumaliza ndudu isanathe. Wogonja apereke mbuzi.

Tsono muofesi mwathu munali magazini akale a azungu omwe tinkadzikupizira kukatentha. M'modzi mwa iwo munali chithunzi cha magalimoto a mpikisano wa mtundu womwewu, wongothamanga molunjika. Ndinayang'anitsitsa matayala akumbuyo. Osalala! Opanda dzino ndi limodzi lomwe! Ndinawerenga mawu a m'munsi kawiri, ndipo Chingelezi changa chinandiuza kuti tayala losalala limagwira phula ndi mimba yonse, pamene la mano limagwira ndi nsonga zokha. Tsamba lotsatira, lomwe mwina linkafotokoza zina, wina anali atang'amba kale kukapichirira fodya.

Lachinayi nditaweruka ndinapita kwa a Fombe, mkulu wina wochokera ku Mozambique amene ankamata machubu pansi pa mtengo pafupi ndi msika. Chichewa chawo chinkayenda ndi Chisena m'thumba.

"A Fombe, ndikufuna matayala awiri osalala. Osalala zedi."

"Opangira nkhwaira?"

"Ayi, oika kugalimoto. Kumbuyoku."

Anaika pansi mpope, n'kuzungulira galimoto yanga, n'kulowetsa chala m'mano a tayala langa latsopano. Kenako anandiyang'ana ngati akufuna kundigwira pamphumi.

"Nkhabe, shamwali. Awa ndiwo matayala. A dazi aja ndi mlandu. Apolisi akakuonani mugona kwawo."

"Apolisi amangoona akutsogolo," ndinatero ine. "Inu zamasiku ano simukuzidziwa. Azungu akamathamanga amaika a dazi."

"Azungu a kuti?"

"A m'buku."

Anangoti, "Ooo," n'kupita kuseri kwa mtengo komwe ankaunjika matayala otha. Ndinasankha ndekha, ndipo ndinasankha mosamala ngati mayi wogula mbiya. Limodzi ndinalikana chifukwa linali likadali ndi timizere. Awiri amene ndinatenga anali osalala ngati mutu wa khanda, lina mpaka ulusi unkasuzumira. Tinasinthana basi: atsopano anga awiri anatsala, ine n'kunyamuka ndi a dazi. Ndikukumbuka kuti ndinawathokoza.

Kunyumba Marita anaona yekha. "Abambo ake Tereza, matayala aja akuberani?"

"Udzaona mawa," ndinamuyankha. Anaonadi.

Lachisanu linali tsiku la mu Okutobala, lija loti ngakhale mbuzi zimakana kuchoka pamthunzi. Mbiri inali itafala. Ogulitsa nsomba anasiya malo awo, anjinga anabwera, ngakhale ena ophika za ukwati anathawa kumaphikiro. Koma titafika pamlambe tinapeza wapolisi atakhala patsinde, njinga yake itatsamira mtengo. Ankayembekezera nduna ina yomwe inkadutsa tsikulo, ndipo ankaimitsa chilichonse cha matayala. Ndinakhotera kumbuyo kwa sitolo asanandione.

A Zuze anabwera pawindo. "Apa sizitheka, alamu. Tiyeni kumsewu wa ku Nsanje. Nakonso n'kowongoka."

Msewu wa ku Nsanje nthawi imeneyo unali wafumbi, mchenga ndi timiyala. Kamawu kena mumtima kanandinong'oneza kuti buku lija linkanena za phula. Koma anthu anali akundiyang'ana, ndipo a Zuze anawonjezera kuti, "Kapena mungopereka mbuziyo, tisawononge mafuta?"

Ndinaliza injini.

Tinaima mofanana pamzere umene anajambula ndi chidendene. Mapeto anali pamtengo wa mgwalangwa cha kutsogolo. A Fombe, omwe anatseka ntchito yawo kudzaonerera, anakweza chipewa m'mwamba. Chitangogwa pansi ndinasiya kilachi n'kuponda moto mpaka phazi linagunda chitsulo.

Phokoso lokha, abale, ndinapambana. Injini inabangula, fumbi linakwera ngati kavuluvulu, timiyala tinawaza oonerera mpaka anathawira kutchire. Ndinkamva ngati ndikuuluka. Fumbi litachepa pang'ono ndinayang'ana pambali, ndipo ndinaona a Fombe ali pomwe paja, akukutumula chipewa chawo. Ndinali ndisanasunthe. Matayala ankangozungulira pamalo amodzi, akukumba dzenje.

Ndinaika giya yachiwiri. Apo ndiye galimoto inachoka, koma osati molunjika. Kumbuyo kunayamba kuvina utse, uku ndi uku, ine ndikulimbana ndi chiwongolero. Itagwira pamalo olimba inathamanga ndithu (izi a Zuze sazitchula akamafotokoza). Vuto linali lakuti iwo anali atafika kale pamgwalangwa, atatsika, akuyatsa ndudu. Komanso pakati pa ine ndi iwo panali patalowa ng'ombe za mdala wina, zikuwoloka msewu kupita kukamwa.

Ndinaponda mabuleki. Akutsogolo anamvera, akumbuyo anakana. Galimoto inatembenuka pang'onopang'ono, mwaulemu, mpaka ndinayamba kuona kumene ndinachokera. Tayala la ulusi lija linaphulika, phuu! Ng'ombe zinabalalika. Kenako ndinatsetsereka chambuyo kulowa m'thamanda momwe ng'ombezo zinkamwera, ndipo matope anafika m'zitseko.

Sindinavulale. Nthawi imeneyo ndinkalakalaka nditavulalako pang'ono, kuti anthu achite manyazi kuseka.

Ndinatulukira pawindo. A Zuze anabwerera ndi galimoto yawo n'kuima m'mphepete. "Alamu, mwafika ku Nsanje kapena mukadali m'njira?" Ndikufunafuna choyankha, maso anga anagwera pa matayala awo akumbuyo. Atsopano. Mano akuya. Lililonse lili ndi mtanda wa penti yoyera.

"A Fombe!" ndinakuwa.

Mkuluyo anatambasula manja. "Munasiya mwekha, shamwali. M'mawa uno wafika munthu akufuna matayala abwino. Ndikanamukaniza?"

Mdala wa ng'ombe uja, atatha kunditukwana m'zinenero ziwiri, anandimvera chisoni n'kubweretsa nkhunzi ziwiri zokoka ngolo kuti zinditulutse. Galimoto itangotuluka, wapolisi uja anatulukira pa njinga. Nduna inali itadutsa, ndipo fumbi langa linkaoneka mpaka kumlambe. Sanakalipe. Anatulutsa kamtengo ka machesi, n'kugwada, n'kupukuta matope pa tayala lotsalalo, n'kuyamba kufunafuna mzere woti alowetsemo. Anafufuza tayala lonse.

"Bambo," anatero podzuka, "boma linati amuna azimeta tsitsi. Silinati muzimeta matayala."

Galimoto inakagona kupolisi mpaka Lolemba.

Loweruka m'mawa amayi anayi anakwecha pikapu ya a Zuze ndi mchenga, sopo ndi mandimu. Sizinathandize kwenikweni. Losita anafika kutchalitchi atakongola, ntchentche zikumuperekeza, ndipo anatha miyezi itatu osandiyankhula. Apongozi anga aakazi anangondipatsa ntchito yonyamula mabenchi pamutu kuchokera kusukulu, dzuwa lonse lija. Mbuzi yanga inaphedwa tsiku lomwelo, ndipo a Zuze anauza aliyense kumene yachokera. Munthu aliyense wodutsa ndi mbale ankandigwadira pang'ono n'kuti, "Takhuta, alamu."

Patapita zaka ndinafunsa makaniko wina wamkulu kuesiteti, yemwe anaonapo mipikisano yotere ku Joni. Anandiuza kuti matayala osalala alikodi, koma amachita kuwapanga choncho ndi mphira wofewa, si otha ayi, ndipo ndi a pabwalo la mpikisano lokha, la phula louma. Woyenda pamsewu wa anthu amasankha a mano. Ndinathamangira kunyumba ndi nkhaniyi.

"Marita, wamva? Theka ndinkalondola!"

Anali akusankha mpunga m'lichero, ndipo sanadzutse mutu n'komwe.

"Theka lake liti, abambo ake Tereza? Limene linali m'matope, kapena limene linatsala kunja?"