Batani Limene Linachedwetsa Ukulu wa Mpingo wa Amuna Anga

Amuna anga, bambo a Kondwani, anachedwa chaka chathunthu kukhala mkulu wa mpingo, ndipo wolakwa ndinali ine. Anthu a ku Chamama amene akali moyo amaikamba nkhaniyi mothira mchere wambiri, ndiye ndati bola ndiifotokoze ndekha mpweya ukadalipo.

Nthawi imeneyo ndinali mphunzitsi pasukulu ina kufupi ndi Chamama, iwo ali kalaliki pa esiteti ya fodya. Anali munthu wofatsa mopitirira muyeso. Nkhuku ikalowa m'nyumba ankachita kuipempha kuti ituluke. Chinthu chimodzi chokha chimene ankachilakalaka pamoyo wawo chinali ukulu wa mpingo, chifukwa malemu bambo awo anali mkulu wa mpingo, ndipo chaka chimenecho dzina lawo linali litatchulidwa. Ine ndiye ndinali ndi thupi, thupi lake losachita kufunsa. Amayi anzanga ankati, "Aphunzitsi, banja lakuyanjani," ine n'kumamwetulira ngati ndakhoza mayeso.

Amene sanakondwe nalo thupilo anali adokotala a pachipatala chathu chaching'ono. Anandimanga chopopa chija choyezera kuthamanga kwa magazi pamkono, anapukusa mutu, n'kulemba pakapepala. "Mayi," anatero, "mtima wanu ukusenza katundu wa anthu awiri. Muzithamangako m'mawa uliwonse." Ndinavomera ndi mtima wonse, ndipo ndinawalonjeza kuti ndiyamba Lolemba.

Lolemba loyamba kunagwa mvula. Lachiwiri lake kunali mame, ndipo aliyense amadziwa kuti mame amabweretsa chifuwa. Kenaka kunabwera alendo, kenaka mayeso a ana, kenaka ndinaganiza kuti chinthu chachikulu chotere sichiyambika pakati pa mwezi. (Pa nkhani yopeza zifukwa, ana anga a kusukulu sankandifika n'komwe.) Kapepala ka adokotala kanakhala m'Baibulo miyezi itatu.

Chimene chinandidzutsa ndi batani. Tsiku lina Lachinayi, pamsonkhano wa amayi kutchalitchi, tonse tili m'mabulauzi oyera, ndinakoka mpweya kuti ndikweze nyimbo. Batani lapakati linathothoka, linauluka, n'kukagunda tebulo la kutsogolo pomwe panakhala amayi busa. Nyimbo inafa. Amayi busa analitola n'kudzandipatsa ndi manja awiri, ndipo ulemu umenewo unandiwawa kuposa kusekedwa. Ndinabwerera kunyumba nditagwira pachifuwa ndi buku la nyimbo, nditalumbira kuti mawa lomwelo ndithamanga.

Tsono mkazi athamanga atavala chiyani? Lamulo la dziko masiku amenewo silinkalola mkazi kuvala buluku, ndipo diresi linkayenera kubisa mawondo. Ndinavala diresi lakale, ndinamanga chitenje cholimba m'chiuno, ndipo kumapazi ndinabwereka mwakachetechete nsapato zansalu zoyera za bambo a Kondwani, zomwe zinali zazikulu kwa ine. Eni ake sindinawauze. Ndinkachita manyazi, ndipo ndinkafuna adzangoona mkazi wawo akuphwa osadziwa kuti zatheka bwanji.

Ndinasankha m'bandakucha kuti ana asukulu asandione. Chimene ndinaiwala, ine mphunzitsi wathunthu, n'chakuti unali mwezi wa Malichi, nthawi yothyola fodya, pamene mudzi wonse umakhala uli m'munda dzuwa lisanatuluke. Ndinaiwalanso kuti kwathu kuno munthu wamkulu sankathamanga chabe. Ukaona wamkulu ali pa liwiro unkadziwa kuti chigafa chapsa, kapena kwagwa maliro, kapena akuthawa ofunsa makadi a chipani.

Ndinalowa kanjira ka pakati pa minda. Poyamba zinkakoma. Nditadutsa chigafa choyamba, chifuwa chinayamba kutentha, mphepo yozizira ikundichotsa misozi. Nditadutsa chachiwiri, nsapato yakumanzere inavuka, ine n'kupitirira ndekha mpaka nkhope inakakumana ndi chitsa. Ndinakhala pamzere, ndikupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo, diso likutupa.

Apo m'pamene anandipeza aNachisale, mayi wa kumpingo kwathu, mkazi wa mlimi wa pa esiteti. Anatula mtolo wa fodya pansi.

"Aphunzitsi, ndinu kodi? Kwagwanji kunyumba?"

"Palibe, aNachisale."

Anayang'ana diso langa, anayang'ana misozi, anayang'ana komwe ndinkachokera. Kenaka anatola nsapato ija.

"Izi si za abambo?"

"Ndi zawo."

"Ndiye kuti mwatuluka mothamanga."

"Eya."

Palibe bodza limene ndinanena pamenepo. Koma taganizani: mayi ameneyu anali atagwira ntchito kuyambira tambala woyamba, mafupa a m'khosi ali poyera, manja akuda bii ndi utomoni wa fodya. Ndikanamuuza bwanji kuti ine ndikuthamanga kuti nditaye thupi, chinthu chomwe iye ankachisowa? Manyazi anandigwira, ndipo ndinanena mawu amene anawononga zonse.

"Chonde, aNachisale, musauze munthu."

Anandigwira dzanja, maso ali jenjenje ndi misozi. "Zafera pompano, aphunzitsi." Pofika masana zinali zili kumsika.

Kusukulu atandifunsa za diso, ndinati ndadzigunda pachitseko. (Sindinkadziwa kuti yankho limeneli lili ndi eni ake, ndipo kuti mayi aliyense amadziwa tanthauzo lake.) Bambo a Kondwani ndinawauzanso chimodzimodzi. Anapita kukachiyang'ana chitsekocho kwa nthawi ndithu, n'kunena kuti achikonza.

Munthu wanzeru akanasiyira pomwepo. Ine ndinati kugwa kamodzi si chifukwa, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinalimbikira. Ndinathamanga masiku ena asanu, tsiku lililonse njira ina kuti ndisakumanenso ndi aNachisale, ndipo potero ndinaonetsetsa kuti mbali zonse zinayi za mudzi zapeza mboni. Nsapato zinasiya kuvuka, ine n'kumati mapazi azolowera. Amayi anayamba kundibweretsera zinthu: uyu maungu, uyu mtedza wauwisi, uyu chimanga chootcha, aliyense akundisisita paphewa n'kumati, "Pirirani, mayi, Mulungu amaona." Ndinkaganiza kuti akundilimbikitsa pa masewera anga. Ndinadya zonse.

Madzulo ena bambo a Kondwani anabwera ali chete kuposa masiku onse. Anati ku esiteti anthu sakuyankha moni wawo, ndipo abusa awaitana n'kuwauza kuti dzina lawo aliimika kaye pa chisankho cha akulu a mpingo, chifukwa pali nkhani ya kunyumba imene iyenera kuyamba yaunikidwa.

Ndinapsa mtima. "Nkhani yanji? Ndani akukuipitsirani mbiri? Anthu a kuno ndi ansanje, ndikamudziwa ameneyo aona." Anandiyang'ana pang'ono, n'kupempha madzi osamba.

Loweruka m'mawa ndinaona njinga ikulowa pabwalo. Anali amalume anga, ankhoswe a banja lathu, kuchokera kwathu kwa Lukwa, fumbi mpaka m'nsidze. Madzi akumwa anakana. Posakhalitsa anafika achimwene awo a bambo a Kondwani, ankhoswe a kuchimuna, ndipo pambuyo pawo aNachisale atavala duku la kutchalitchi. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, ine ndikudabwabe kuti wamwalira ndani.

Amalume anakonza kukhosi. "Akamwini, mwana wathuyu tinakupatsani ali ndi maso awiri abwinobwino. Tamva kuti masiku ano akumatuluka m'nyumba m'mamawa ali pa liwiro, osapeza ngakhale mpata wovala nsapato zake. Ngati mwatopa naye, njira ya kwa Lukwa simunaiiwale."

Ine mutu unatseguka nthawi imodzi: maungu aja, mtedza uja, moni wosayankhidwa uja. Munthu woipitsa mbiri amene ndinkati aona uja anali atakhala pamphasa yanga, atavala chitenje changa.

"Amalume," ndinatero, "sanandimenyepo chikwatiranireni. Ndimathamanga ndekha."

"Kuthawa ndani?"

"Palibe."

"Kupita kuti?"

"Ndimangozungulira minda n'kubwerera."

Amalume anayang'ana ankhoswe anzawo. "Iwe Naphiri, ukuthamanga, palibe akukuthamangitsa, palibe komwe ukupita, n'kubwerera pomwe unachoka. Sukulu yonse ija tinakutumiza ija?"

"Ndikufuna thupi lichepe."

"Thupi lake liti? Lomwe timanyadira kwathu lija? Amayi ako amauza mudzi wonse kuti unakwatiwa bwino, iwe ukukalitaya m'minda ya eni?"

ANachisale anapukusa mutu mwachisoni. "Amatero onse, abambo. Amabisa kuti banja lisathe."

Ndinalowa m'nyumba n'kutuluka ndi umboni: bulauzi, batani lake, ndi kapepala ka adokotala. Ndinafotokoza zonse, za nyimbo ija, za tebulo la amayi busa, za chitsa, pamaso pa amalume anga ndi alamu anga. Manyazi amene ndinawathawa pamzere wa fodya ndinawalipira pamenepo katatu. Amalume anatembenuza batani lija uku ndi uku, akadali okayika, ndipo anafunsa bambo a Kondwani ngati ali ndi mawu.

"Akunena zoona," anatero mwakachetechete. "Ndinkadziwa kuyambira tsiku loyamba. Nsapato ndinkazipeza zitanyowa ndi mame. Nditaona diso lija ndinadziwa kuti zawavuka, ndiye ndinaikamo nyuzipepala kutsogolo kuti ziziwagwira."

Anatenga nsapato imodzi n'kutulutsamo nyuzipepala yopindidwa bwinobwino. Ine ndinali ndikuyamikira mapazi anga sabata yathunthu.

"Nanga bwanji simunawauze abusa?" ndinafunsa. "Dzina lanu likuchotsedwa, inu muli chete?"

"Munkabisa, mayi a Kondwani. Ndikanaulula bwanji chinthu chimene mwini wake akuchita nacho manyazi?"

Apo ndinalira, kulira kwenikweni, kosachita kufuna mphepo. Ndinali ndisanadziwe kuti ndinakwatiwa ndi munthu wotani. ANachisale ananong'oneza amalume kuti, "Mwaona, akulira," koma mlandu unali utatha.

Ukanathera pomwepo bwenzi zili bwino, chifukwa abusa atamva anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti dzina libwezeretsedwa Lamulungu linalo. Koma amalume asanakwere njinga anasiya chigamulo. Anati ngati adokotala alamuladi zamisala zimenezi, mkazi asamathamange yekha. Mwamuna wake azipita naye, kuti anthu aziona kuti pabanjapo pali mtendere. Tonse tinaona kuti ndi nzeru.

Lolemba m'mawa tinanyamuka awiri. Bambo a Kondwani anatenga ndodo chifukwa cha agalu a ku esiteti. Tsono ine ndinali nditazolowerako, pamene iwo ntchito yawo inali ya pampando, ndipo tisanafike pachigafa chachiwiri ndinali nditawasiya kutali. Ndinafuna kuwaonetsa kuti khama langa silinapite pachabe, ndiye ndinawonjezera moto. Iwo m'mbuyo, thukuta lili kamukamu, ndodo ili m'mwamba, akukuwa ndi mpweya wotsala: "Mayi a Kondwani, imani! Ndati imani!"

Potulukira pamsewu waukulu tinakumana ndi abusa ali panjinga, akuchokera kokaona wodwala, limodzi ndi akulu a mpingo awiri. M'minda ya mbali zonse ziwiri anthu anali ataimirira, masamba a fodya ali m'manja. Ndinaima. Bambo a Kondwani anandipeza, anatsitsa ndodo, anavula chipewa, n'kupereka moni mwaulemu wonse, koma mawu sanatuluke.

Abusa ankadziwa zoona zake, ndipo anayesetsa kufotokozera anthu. Koma mpingo si abusa okha. Akulu awiri aja anati zimene aona ndi maso awo sizifuna womasulira, ndipo anagwirizana kuti dzinalo lidikire chaka, aone kaye khalidwe. Bambo a Kondwani, amene ankapempha nkhuku kuti ituluke, anakhala miyezi khumi ndi iwiri akuonedwa khalidwe. Sanandidandaulire ngakhale tsiku limodzi, ndipo zimenezo zinkandipweteka kuposa akanandikalipira.

Kuthamanga tinasiya. Tinayamba kuyenda madzulo, moyandikana, aliyense khasu lili paphewa, ngakhale kuti mbali imeneyo tinalibe munda. Munthu wonyamula khasu safunsidwa komwe akupita. Tinayenda choncho zaka zambiri, ndipo adokotala anasiya kupukusa mutu, ngakhale thupi silinachoke ndi pang'ono pomwe. Bulauzi ija ndinapita nayo kwa telala wa pa Chamama, amene anawonjezera kansalu m'mbali ndikudikira pakhonde pomwepo. (Nzeru imeneyi ikanandibwerera Lachinayi lija, bwenzi nkhani ino kulibe.) Ndinaivala tsiku limene bambo a Kondwani anaimirira kutsogolo kulandira ukulu wawo, ndipo nyimbo ndinaimba chapansipansi.

Iwo anatsogola zaka zingapo zapitazo, ndipo kuyenda ndekha ndi khasu sikundikomera. Adokotala a masiku ano ayambanso kupukusa mutu. Nsapato zija ndikali nazo, nyuzipepala ili momwemo. Lolemba lililonse ndimazitulutsa, ndimazikhazika pakhomo, ndimakhala nazo pang'ono, n'kuzibwezera ndikunena kuti ndiyamba Lolemba linalo.