Tsiku limene ndinaimika firiji chadodolido

Nkhani iyi ana anga saidziwa, ndipo amene akawauze ndidzamukana pamaso. Koma poti anthu a pa Mchinji Boma anaiseka kale mpaka kutopa nayo, bwerani nanunso mundiseke.

Nthawi imeneyo ndinali mphunzitsi, atangondisamutsira kumeneko kuchokera ku Dedza. Anali masiku a chipani chimodzi, pamene munthu unkatha kusowa chifukwa chongotsokomola pamalo olakwika. Ndiye ine, pofuna kuoneka bwana pa laini ya aphunzitsi, ndinagula firiji ya palafini kwa a Zulu, dalaivala wa thiraki amene ankadutsa pa boda kupita ku Chipata. Inali yakale, yadzimbiri, koma inkaziziritsa. Matama ake! Ndinkamwera madzi ozizira pakhonde ngakhale mu Juni, mano akuwawa, kuti odutsa aone.

Loweruka lina, mayi a kunyumba atapita ku Mkanda kukaona matenda, ndinapeza firiji ija ili fuu, ngati m'khwapa. Ndinathira palafini wina, ndinapukuta mwaye, ndinaimenya makofi m'mbali. Ayi ndithu, siinamve.

Mwamwayi a Zulu anali pa boma. Atabwera anati matenda amenewo ndi odziwika: tichotse thanki ya palafini, tiigadabuze mutu pansi, ikhale choncho mpaka madzulo kuti mankhwala a m'mapaipi asakanikirane. Tinamanga chitseko ndi linya, tinaitembenuza tikubuula, iwo n'kukakwera thiraki yawo. Zoti tiyambe tachotsa zam'kati sananene, nanenso sindinafunse. M'katimo munali mabotolo a madzi ndi poto wodzaza thobwa.

Nditabwerera m'mbuyo kuti ndione ntchito ya manja anga, maso anga anagwera pachitseko. Pachitseko paja mayi anali atamatapo chithunzi cha Apulezidenti, chodula pa kalendala, pobisa dzimbiri. Tsopano mkulu wa dziko lonse anali chadodolido m'nyumba mwanga, tayi italoza kudenga.

Ndinayesa kumatula ndi chikhadabo. Anamata ndi phala la chinangwa, ndiye chinagwira ngati simenti, ndipo pakona panayamba kung'ambika. Ndinasiya msanga, chifukwa kung'amba nkhope imeneyo unali mlandu woposa. Kuti ndiibweze ndekha firijiyo, inali yolemera. Ndili m'kati moganiza, ndinangomva odi pakhomo.

Anali a Mbewe, atcheyamani a chipani a dera lathu, ali ndi amayi awiri a chipani, akuyendera makadi a umembala khomo ndi khomo. Anthu amenewa sankadikira kuti uwauze kuti alowe. Ndinalumpha n'kukatsamira chitseko cha firiji, msana gwa pachithunzi, manja nditatambasula.

Moni ndinapereka ndili pompo. Mipando ndinawalozera ndi chibwano. A Mbewe anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anafunsa chifukwa chake firiji yanga miyendo ili m'mwamba. Ndinati za ku Zambia amapanga choncho. Anagwedeza mutu n'kunena kuti anthu a uko zinthu zawo n'zosokonekera kale.

Kenako anafuna khadi. Ndinali nalo ndithu, koma linali m'jekete kuchipinda. Anati ndikatenge. Ndinati mwendo wachita dzanzi. Anati adikira. Ndinati dzanzi langa limachedwa kutha.

"Aphunzitsi, khadi muli nalo kapena mulibe?" Mawu a a Mbewe anali atasintha.

Mayi mmodzi, pofuna kuziziritsa nkhani, anapempha madzi ozizira aja amene boma lonse linkamva mbiri yake. Ndinayankha kuti madzi atha. Ndisanatseke n'komwe pakamwa, madzi anayamba kuyenderera pakati pa mapazi anga. Mabotolo aja anali atatayikira m'kati, ndipo tsopano anapeza potulukira kunsi kwa chitseko.

Onse atatu anayang'ana pansi. Ine ndinayang'ana kudenga.

Akanakhala madzi okha, bwenzi pali pothawira. Koma pambuyo pake panatsatira thobwa lija, lofiirira, lamisere, litasasa ndi kutentha. Linkatuluka pang'onopang'ono kuseri kwa zidendene zanga, fungo lake n'kudzaza nyumba. Mayi wa madzi uja anatseka mphuno ndi chitenje, mnzake n'kutukula mapazi.

A Mbewe anatsitsa mawu ngati akulankhula ndi wodwala. "Aphunzitsi, khadi lokhali mpaka kudziipitsira?"

Abale, pamenepo panali njira ziwiri. Ndikanena kuti ndi thobwa, anena kuti ndisunthe atsegule aone, ndiye kuti usiku umenewo ndikagona kundende. Ndikavomera, ulemu wanga wathera pompo. Ndinaganiza za ulemu, ndinaganiza za ndende, ndipo ndinaona kuti ulemu sudyetsa ana.

"Pepani atcheyamani," ndinatero nditazyolika. "Ndikangokuonani m'mimba mumanditsegula."

Anatuluka chafutambuyo, akusankha popondapo, n'kundiuza ali pabwalo kuti khadi ndikawaonetse Lolemba ndikasamba.

Mayi a kunyumba atabwera madzulo tinaibweza firiji, ndipo inayambadi kuziziritsa kuposa kale. Iwo anaseka mpaka kukhala pansi, ine ndikukolopa.

Ndinkaganiza kuti zathera pomwepo. Koma pamsonkhano wa chipani wotsatira, anthu atadzaza bwalo la sukulu, a Mbewe anadzudzula anthu amwano amene saopa atsogoleri. Kenako anandiloza ndi ndodo n'kunena kuti aliyense atengere chitsanzo kwa aphunzitsi awo, amene amalemekeza chipani ndi thupi lawo lonse. Anandiuza kuti ndiimirire, ndipo anthu, ana a m'kalasi mwanga omwe, anandiombera m'manja.

Musanagadabuze chinthu, anzanga, muziyamba mwaona amene wamatidwapo.