Pulasitala wa pa chikope ndi ukwati wa Barnaba

Ndine munthu wosakonda kuwonjezera nkhani, choncho ndikati ndinatsala pang'ono kuthetsa ukwati wa mwana wa mlongo wanga ndi kachidutswa ka pulasitala, mudziwe kuti zinalidi choncho.

Chikope changa chakumanzere chinayamba kugwa pang'onopang'ono nditangopuma ntchito yauphunzitsi ku Malindi. Sichinkawawa, koma diso linkaoneka lochepa, ngati mbali imodzi ya nkhope ili ndi tulo. Mkazi wanga anandiuza kangapo kuti ndipite kuchipatala. Ine ndinali nditawerenga kale kuti kawirikawiri ndi kamnofu kokweza chikope kamene kamatamuka ndi ukalamba. Munthu wodziwa dzina la vuto lake angakataye tsiku lonse pa benchi ya chipatala?

Kenaka Barnaba, mwana wa mlongo wangayo, anapeza mbeta ku Namwera, dzina lake Asiyatu, ndipo ine malume wake ndinayenera kukalankhula ndi akuchikazi. Tinamva kuti malume a mtsikanayo, Che Saidi, anali asanakhutire ndi mnyamatayo, ndiye sindinafune kukafika ndi nkhope yosinza. M'mawa wa tsiku la ulendowo ndinadula pulasitala kukhala kamzere kowonda, ndinakweza chikope, n'kumata. Pagalasi maso anafanana bwinobwino.

"Lakumanzerelo likuphethira koma?" anafunsa mkazi wanga.

"Likaphethira tikabwerako," ndinatero.

Ku Mangochi boma minibasi inachedwa kudzaza, ine ndi Barnaba tinakwera njinga zamoto za kabaza. Amene munakwerako phiri la ku Namwera pa Okutobala mukulidziwa fumbi lake. Diso lamanja linkadziteteza, koma lamanzere linali chitsekukire, likulandira chilichonse cha mumsewu. Tinafika lili lofiira, misozi ikutsika mbali imodzi yokha.

Che Saidi anandipatsa moni, anandiyang'anitsitsa, n'kufunsa motsitsa mawu: "Aphunzitsi, kodi kumudzi mwasiyako zovuta?"

Ndinati ndi fumbi chabe. Anatikhazika pakhonde, amuna pamipando, amayi pamkeka moyang'anizana ndi ine. Ndinayamba bwino ndithu, kufotokoza za mtundu wathu ndi za ntchito ya Barnaba yokonza mainjini a maboti. Koma kutentha kunakula, thukuta linalowa pansi pa pulasitala, mbali imodzi inamatuka. Chikope chinagwa. Ndinachikweza ndi nsidze, chinagwanso, ndinakwezanso, ndipo nthawi yonseyi nkhope yanga inali italunjika kwa mayi wina wa mpango wobiriwira amene anakhala kutsogolo. Ndinali ndisanadziwe kuti ndi akazi awo a Che Saidi.

Mayiwo anakoka mpango n'kuyang'ana kumbali. Ine, poganiza kuti sakumva bwino, ndinawamwetulira.

"Bambo a Jafali," anatero mayiwo kwa amuna awo, "afunseni alendowa kuti abwerera mwana wathu kapena abwerera ine. Kanayi konse akunditsinzinira."

Barnaba anazyolika. Che Saidi anaika kapu yawo pansi. "Ngati malume ali chonchi pamaso panga, mphwawoyo azidzatani tikakhala kulibe?"

Panalibenso chobisa. Ndinamatula pulasitala uja anthu onse akuona, limodzi ndi nsidze zingapo, ndinamuika pa bondo, ndipo chikope chinabwerera pamalo pake pa masiku onse. Ndinafotokoza zonse kuyambira pagalasi. Anayamba kuseka ndi mayi aja, mpaka kupukuta misozi ndi mpango. Che Saidi sanaseke msanga. Anafuna kudziwa ngati ndi matenda akumtundu, oti adzukulu awo angadzabadwe nawo. Ndinayamba kutchula zomwe ndinawerenga, iwo anandidula.

"Zowerenga zanuzo ndi zomwe zakumatani nkhope. Mukaonane ndi adokotala, mubwere ndi yankho, ndiye tikambirane."

Motero ukwati wa anthu awiri unadikira chikope changa kwa milungu itatu. Dokotala wa maso anandifunsa ngati chinagwa mwadzidzidzi, ngati ndimaona zinthu ziwiriziwiri, ngati mutu umawawa kapena dzanja limafooka. Anati zikakhala choncho munthu athamangire kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mwina ndi mtsempha, sitiroko kapena shuga. Ana ena amabadwa nacho, ndipo amafunika kuonedwa msanga kuti diso lisazolowere ulesi. Changa chinali cha ukalamba basi. Ndinamuuza monyadira kuti ndi zomwe ndinawerenga. Iye anati, "Munawerenga bwino, bambo, koma pulasitala munamupeza pa tsamba liti?"

Che Saidi analandira yankholo ndipo anavomera. Ine dokotala uja anandichita kaopaleshoni kofupikitsa kamnofu kaja ndili maso, kosakwana ola limodzi. Kutupa kutatha, chikope chakumanzere chinaima bwino ngati cha mnyamata. Ndiye chakumanja chinatsika. Dokotala anati zimachitika: ubongo unkakoka zikope zonse ziwiri mwamphamvu pofuna kuthandiza chofookacho, ndipo utapumula, chinzakecho chinaonetsa kuti nachonso chinatopa kalekale.

Pa tsiku la ukwati Che Saidi anandilandira okha, anayang'ana diso lamanja, kenaka ananyamula mpando wanga n'kuutembenuza kuti uloze kukhoma.

"Uku kulibe mkazi wa munthu, aphunzitsi. Khalani momasuka."

Chakumanjachi ndikupita nacho kuchipatala mwezi wamawa. Pa nkhope yanga sindidzamatanso kanthu, ngakhale mphuno itapendekeka.