Mlatho umene ndinati kulibe

Mpaka lero, nyimbo yotsegulira pulogalamu ya ndale ikalira pa wailesi ya m'dera lathu lino, ndimanyamuka kuti ndikaitsitse. Akazi anga amadziwa zimenezi, ndiye amakweza dala.

Ndine mphunzitsi pa sekondale ina yoyendera kuno ku Nkhamanga. Kwathu ndi ku Ntcheu, koma ntchito inandiponya ku Rumphi ndipo ndinakwatira konkuno. Chitumbuka ndimamva, kuyankhula ndimayesa, ngakhale apongozi anga anandipempha mwaulemu kuti ndizingoyankhula Chichewa changa chomwecho. Vuto langa ndi pakamwa. Nkhani ya ndale ikayamba pa nthawi ya tiyi, aphunzitsi anzanga amamwa, kutsuka makapu, kubwerera m'makalasi, ine ndikufotokozabe.

Mbiri ya pakamwa pangapa inamufika Wongani, amene amayendetsa pulogalamu ya ndale Loweruka masana. Katswiri wake wa masiku onse anali atasamukira ku Mzuzu, ndiye Wonganiyo anandiimbira foni, n'kundiitana kuti mphunzitsi m'Chitumbuka.

"Asambizgi, ndamva kuti ndale mumazitha chomene. Bwerani mudzatithandize."

Ndinakana kamodzi (kukana kwamwambo chabe, mumtima ndinali nditayamba kale kusankha taye).

Pa wailesipo sananditchule kuti mphunzitsi. Anati ndine "katswiri wa ndale ndi ulamuliro wabwino." Ndinacheuka kuti mwina mwalowa munthu wina. Masabata oyamba zinayenda bwino. Ndinaphunzira msanga kuti ukangonena kuti "magwero anga odalirika andiuza," palibe amene amakufunsa kuti magwerowo ndi ndani (anga anali gulu la pafoni la anzanga a ku koleji, ndipo ambiri a iwo sanapondeko ku Rumphi). Pa msika wa Bolero amayi ogulitsa tomato anayamba kundiitana kuti "a katswiri," n'kumandiikira basera.

Loweruka la tsokalo mutu unali wa mlatho. Khansala wa wodi ina kumbali ya ku Mwazisi, mayi NyaKumwenda, analonjeza anthu mlatho pa kamtsinje kamene kamawatsekera njira ya kumsika nthawi ya dzinja. Tisanalowe mu situdiyo, Wongani anandionetsa chithunzi pafoni yake: mtsinje wodzaza, mayi akuwoloka madzi ali m'chiuno, thumba pamutu.

"Mwaona? Palibe chimene amanga. Simenti anagulitsa. Lero muwakhaulitse."

Ndinawakhaulitsadi. Ndinati mlathowo kulibe. Ndinati simenti inatuluka pakhomo la kuseri. Wongani akugwedeza mutu kundilimbikitsa, ine pakamwa panatentha, mpaka ndinamenya tebulo n'kunena kuti, "Zimenezi sindikuchita kumva. Ndinapitako, ndinaziona ndi maso angawa."

Wongani analengeza kuti timve kaye uthenga wa malonda, navula mahedifoni. Inenso ndinavula anga. Chimene sitinadziwe n'chakuti mkulu woyendetsa makina anali atadina batani la malonda n'kutuluka kukayankha foni, malondawo osalira, maikolofoni athu ali chitsegukire.

Ndinamwa madzi, n'kutembenukira kwa Wongani.

"Koma achimwene," ndinatero, "ku Mwazisi ine sindinapiteko. Njira yake yomwe sindiidziwa."

"Nanga ine ndinapitako?" anayankha Wongani akuseka. "Inu ingolimbani mawu. Anthu amafuna munthu wolimba mawu."

"Chithunzi chija munachitenga kuti?"

"Ananditumizira winawake. Kaya ndi cha kumeneko kaya ndi cha ku Karonga, madzi ndi amodzi omwewo."

"Akatifunsa umboni?"

"Ndani angafunse? Lolemba adzakhala ataiwala."

Nthawi yonseyi foni yanga inali kunjenjemera m'thumba. Ndinaganiza kuti ndi ondiyamikira. Nditaitulutsa ndinapeza uthenga wa akazi anga, mawu awiri okha: "Tikukumvani nonse."

Ndinamuonetsa Wongani. Anayang'ana foniyo, anayang'ana kanyali kofiira pamwamba pa chitseko, kenaka anavala mahedifoni mwakachetechete ngati munthu amene akuvala chisoti pamaliro. "Tabweranso, okondedwa omvera," anatero (ngati kuti tinachokapo).

Woyamba kuimba anali bambo wachikulire. Anatipatsa moni mwaulemu wonse, anafunsa za kunyumba, kenaka anati, "Ine ndimangofuna kuwauza a katswiriwo kuti ndikuimba ndili pamlathopo. Ndaimika njinga. Yewo."

Za mphindi zotsalazo sindikumbuka zambiri. Ndikukumbuka kuti ndinayankhula za kufunika kwa umodzi pa chitukuko, thukuta likutsika mpaka m'masokosi.

Kunyumba ndinadzera njira ya m'minda. Akazi anga ndinawapeza akusankha nyemba pakhonde. Sanakalipe. Anangondiuza kuti NyaKumwenda anaphunzira kalasi imodzi ndi apongozi anga, ndipo akazi angawo wailesi ankamvera limodzi ndi apongoziwo, amene anabwera kudzacheza ndipo ananyamuka osadikira chakudya.

Lolemba silinaiwale chilichonse. Nditalowa mu Fomu 3 kuphunzitsa za mapiri a kunja, mtsikana wina anakweza dzanja. "Sala, mapiri amenewa munapitako, kapena tingolimba mawu?" Kalasi yonse inagwa ndi phwete. Ahedi anandiitana ku ofesi, anatseka chitseko, nandikumbutsa kuti ndine wogwira ntchito m'boma, kuti kunena munthu kuti wagulitsa simenti ya anthu ndi nkhani ya kukhoti, ndipo ikafika kumeneko iwo sadzatha kunditchinjiriza. Wongani naye anali atandiimbira kundiuza kuti pa pulogalamu yake maganizo a mlendo amakhala a mlendo yekha. Sabata imeneyo chakudya sichinkatsika. Galimoto iliyonse yoima pamsewu ndinkaiyesa ya loya. Ndinkaganiza za ana anga, ndi mmene ndikafotokozere kwathu ku Ntcheu kuti ntchito inathera pa mlatho umene sindinauonepo.

Kenaka foni inalira, nambala yachilendo.

"Ndikuyankhula ndi a katswiri?"

"Ndi mphunzitsi chabe, amama."

"Ndine NyaKumwenda. Ana anga akuti ndikusumireni. Ine ndawauza kuti kukhoti mlatho sukalowa. Loweruka mubwere kuno ndi mnzanu uja. Abwana ake ndayankhula nawo kale. Pulogalamu yanu muchitire pamlathopo."

Tinapita pa njinga yamoto imodzi, ine, Wongani ndi mwini njinga, fumbi mpaka m'makutu. Njira yonse ine ndi Wongani sitinayankhulane, ngakhale ndinali nditamukumbatira m'chiuno.

Mlathowo unalipo. Si waukulu, koma ndi wa simenti, wa zitsulo m'mbali, ngolo ya ng'ombe imadutsa bwinobwino. Anthu anali atadzaza mbali zonse ziwiri, ena atakwera pachulu, ena atanyamula mawailesi kuti atimve kawiri. NyaKumwenda ndi mayi wamfupi, wa magalasi, amene anapuma pa ntchito ya unamwino. Anatipatsa moni ngati alendo ake enieni, anatipatsa madzi osamba kumaso, kenaka anauza Wongani kuti aimbe ku situdiyo.

Titalowa pa wailesi anandigwira dzanja n'kupita nane pakati pa mlatho.

"Asambizgi, mwaima pa chiyani?"

"Pa mlatho, amama."

"Kwezani mawu. Paja anthu amafuna munthu wolimba mawu."

"Ndaima pa mlatho."

"Ndi wa udzu?"

"Ndi wa simenti."

"Tadumphani, omvera amve."

Ndinadumpha. Bambo wa ana atatu, taye pakhosi, ndinadumpha pa mlatho wa ku Mwazisi, Wongani atagwada kuti foni ikhale pafupi ndi nsapato zanga. Anthu anaomba m'manja, amayi ena analulutira. Kenaka ndinapepesa, ndipo kupepesa kumeneko kunali kochokera pansi pa mtima. Ndinanena kuti ndinanama, kuti sindinapiteko, kuti za simenti ndinalibe umboni uliwonse. Wongani nayenso anapepesa, ngakhale kupepesa kwake kunali ndi mawu ambiri onena za makina.

Ndinkayesa zatha, koma mayiwo anatenga foni ija.

"Tsopano ndikuuzeni chimene chimandipweteka," anatero. "Mukanabwera kuno mukanapeza zondinenera zoona. Mjigo umene ndinalonjeza kuseri kwa sukulu uko sindinakumbe. Amayi awa akutungabe kudambo. Amandinena tsiku ndi tsiku, ndipo akulondola. Koma inu a wailesi simunandifunsepo, chifukwa palibe anakutumizirani chithunzi."

Amayi aja anavomera mokweza, ndipo pulogalamu yonse yotsala inakhala ya mjigo. Anamupanikiza khansala wawo mwini wake ataima pomwepo, iye akuyankha zina, zina akuvomera kuti walephera. Ine ndinangokhala pa chitsulo cha mlatho, osaponyapo ngakhale liwu limodzi. Pa mapulogalamu onse amene ndinakhalapo, yabwino inali imeneyo.

Potsanzikana ndinawafunsa monong'ona za kukhoti.

"Pitani mukaphunzitse ana," anatero. "Mukawapatse moni apongozi anu."

Pobwerera fumbi lomwe lija linkandikomera. Madzulo ake ndinadya mpaka kupempha zina. Ahedi sanaitchulenso nkhaniyo. Apongozi anayambanso kubwera, ngakhale akafuna kundiuza kanthu amayamba ndi kunena kuti iwo zimenezo anaziona okha. Basera la tomato linatha. Wongani abwana ake anamuimitsa ntchito kanthawi, kenaka anabwerera, ndipo ndamva kuti masiku ano nthawi ya malonda amazula yekha chingwe cha maikolofoni asanatsegule pakamwa.

Mwezi watha anandiimbiranso.

"Asambizgi, anthu akukufunani. Akuti ndinu katswiri yekhayo amene anavomerapo kuti sakudziwa. Loweruka tikukamba za asodzi a ku Chiweta ndi malonjezo a andale."

"Achimwene, ku Chiweta ine ndimangodutsa pa minibasi."

"Kudutsako n'kokwanira."

Ndinamukanira, ndipo akazi anga amene anali pafupi ndi mboni. Chimene iwo sanamve, chifukwa anali atalowa m'nyumba, n'chakuti ndisanadule foni ndinamufunsa kuti pulogalamuyo iyamba nthawi yanji.