Chala cha azakhali pa nkhope ya apongozi

Tabuleti ija ikanagwa pansi n'kusweka tsiku limene inafika, bwenzi lero ndikulowabe kwa apongozi anga ku Kasinje ngati munthu. Koma sinagwe, ndipo mpaka pano ilibe ngakhale kamng'alu.

Ine ndimakonza makadi aukwati, zikwangwani ndi zithunzi za pa matisheti pa Manjawira. Kompyuta yanga yakale itayamba kuzima yokha, achimwene anga a ku Joni anaimba foni.

"Ndikutumizire chiyani, tabuleti kapena laputopu ija yochotsa kiyibodi?"

Anandifotokozera bwinobwino. Mu laputopumo mumalowa pulogalamu yonse imene ndinaizolowera, ija umatsekera chithunzi kuti chisasunthe, ukalakwitsa n'kubwerera m'mbuyo. Tabuleti ndi yopepuka, batire limakhalitsa, koma pulogalamu yake ndi yachidule, ndipo ukangotseka imasunga yokha chilichonse chimene chachitika.

"Tabuleti, achimwene. Magetsi akuno mukuwadziwa."

Magetsiwo ndinangowanamizira. Ndinkadziona ndikutsika minibasi nditaikwapatira m'khwapa, kacholembera kake kali pakhutu, anthu akufunsana kuti ameneyu ndi wa bungwe liti.

Ntchito yaikulu yoyamba inali ya kuchikamwini. Banja la mkazi wanga linkavundukula chiliza cha malemu apongozi anga aamuna, ndipo anagwirizana zovala matisheti a nkhope yawo. Chithunzi cha madalawo chinali chimodzi chokha, mufoni ya mlamu wanga. Ananditumizira, ndipo pasanapite nthawi foniyo inagwera m'chitsime cha kudimba la mbatata. Ine sindinade nkhawa. Chithunzi chinali mu tabuleti, ndipo ndinkagwira ntchito pa icho chomwecho osakopera china pambali (musandiyang'ane choncho, ndikudziwa).

Ndinachikonza mpaka madala anaoneka ngati nduna. Tsono kwathu kuno chinthu cha banja sichipita kosindikiza akuluakulu onse asanachione. Tinakhala pakhonde la apongozi ku Kasinje, ine pakampando chapatali monga mkamwini, tabuleti n'kuyamba kuyenda. Aliyense ankailandira ndi manja awiri mwaulemu wake, zala zili pagalasi. Mtima wanga unali m'mwamba, koma mkamwini salanda chinthu m'manja mwa amalume a mkazi wake.

Kenaka inafika kwa azakhali a mkazi wanga, alongo awo a malemuwo. Atangoona nkhope anayamba kulira.

"Alongo anga, ndinu amene? Mwanenepatu kumeneko."

Anayamba kusisita nkhopeyo ndi chala, patsaya, pamphuno, pakamwa. Ine ndinali nditasiya chotsegula chida china chokokera chithunzi, chimene ndinkawongolera nacho kolala ya jekete. Misozi itadonthera pagalasi, anapukuta bwinobwino ndi nsonga ya chitenje, n'kupatsira apongozi aakazi. Iwo anayang'ana kumbali.

"Chotsani. Ndidzawaona tsiku lomwelo."

Ndinalandira, n'kutseka msanga kuti isagwidwenso. Ndili m'minibasi ndinatumiza chithunzicho kwa wosindikiza wa ku Lilongwe, dzuwa likuwala pagalasi, ine osaona kanthu koma kudzidalira basi.

Matisheti anafika m'thumba m'mawa wa mwambo, ndipo mlamu wanga anagawa ine ndisanafike. Munthu woyamba kukumana naye anali mwana wa sukulu, pachifuwa pake pali apongozi anga. Mphuno inaloza kukhutu. Diso limodzi linatsikira patsaya. Kamwa linakokekera m'mwamba ngati akunyoza aliyense wobwera ku chiliza chawo. Ndipo kumbuyo kwa mwanayo kunali mudzi wonse, aliyense ndi nkhope yomweyo.

Ndinathawira kuseri kwa khola n'kuimbira wosindikiza uja.

"Bwanji simunandiuze?"

"Bwana, ife sitiseka nkhope za malemu. Timaganiza kuti anadwala sitiroko."

Ndinatsegula tabuleti kuti ndibweze zonse. Inali itasunga kalekale, ntchito ya azakhali ili pamwamba pa yanga, chithunzi chenicheni palibe.

Kumanda anthu ankaimba atazyolika, ndipo ena mapewa ankagwedezeka mosagwirizana ndi nyimbo. Abusa analalikira akuyang'ana mitengo. Titabwerako, azakhali omwe aja anaima pakati pa bwalo.

"Mkamwini ameneyu ankadana nawo alongo anga. Taonani mmene wawachitira."

Ndinatsegula pakamwa, koma mkazi wanga ananditsina pankono.

"Mukangotchula azakhali, ku Manjawira mubwerera nokha."

Zinandiwawa, ndipo zikundiwawabe, chifukwa amene anapotoza mphuno amadya nyama pa mwambo uliwonse, pamene ine anthu amandipatsa moni akuyang'ana pansi. Nditawadandaulira achimwene a ku Joni, anangofunsa kuti, "Koma batire likukhalitsa?"

Masiku ano pakhonde la munthu ndimapita ndi pepala losindikiza, aligwire mmene angafunire. Tabuleti ndikugwiritsabe ntchito, ndilibe china.

Apongozi aakazi sanandikalipire ngakhale kamodzi. Tisheti yawo amavala chotembenuza akamapita kumunda. Mwana wathu wamkazi anabadwa agogo ake atamwalira kale, ndipo tsiku lina anaitenga pachingwe, n'kuitembenuza, n'kufunsa ngati awa ndi agogo. Apongozi anamulanda mwakachetechete, ine ndili pomwepo.

"Agogo ako anali mwamuna wooneka bwino. Uwafunse abambo akowa kumene anawasiya."